Kanjere ka Mpunga M'khutu la Mwala

Pakhadi analemba ndi taipi yakale:
"Mphatso ya dokotala wina wa kuno ku Basel, 1984.
Kochokera: sikudziwika."
Zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chapansi chino
zandiphunzitsa kuti mawu amenewo
ndi bulangete lofunditsa mbala.

Lolemba lija ndinavala magolovesi,
n'kuunika ndi tochi m'khutu la mulungu wamwalayo.
Munali kanjere ka mpunga,
kouma gwa, kofiira ndi ufa wopaka pamphumi.
Dokotala wake uti amadyetsa mwala mpunga?

Ndinatsata mapepala ngati wolondola mapazi a ng'ombe yobedwa.
Lisiti ya ku Bangkok inati:
"Chokongoletsa m'munda, makilogalamu 62."
Wogulitsayo anamwalira.
Mwana wake anandidulira foni kawiri.

Kenako kalata ya Tirtha Maharjan,
wokonza njinga zamoto ku Patan,
ndi chithunzi chothimbirira:
mayi ake akali mtsikana, mbale yamkuwa m'manja,
kumbuyo kwawo nkhope yomweyi,
mphuno yomweyi yobenthuka.
Chithunzi chachiwiri: mphako m'khoma la njerwa,
m'katimo mapazi awiri okha,
ochekedwa ndi sowo mu akakolo.

"Amayi amaikapobe maluwa m'mawa uliwonse.
Amati wosiya mapazi pakhomo sanatsanzike."

Ine ndinayeza akakolo kuno ndi tepi,
iye anayeza kumeneko ndi waya wa buleki.
Manambala anakumana.
Ndinakhala pansi pasimenti, osadziwa woti ndimuuze.

Kumsonkhano wa bodi, bambo Oberholzer anapukuta magalasi:
"Koma akakamusamala?
Akamupaka mafuta, utsi ukamudetsa,
ana akamugwiragwira."
Ndinati inde, ndi zomwezo ndithu.
Anandiyang'ana ngati ndatukwana.
Panapita miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi,
maloya atatu,
ndi mkangano wa sabata yathunthu
pa liwu limodzi lokha:
tilembe kuti "tikupereka" kapena "tikubweza"?

Renzo kalipentala anakhoma bokosi,
n'kuyala thonje pamene panayenera kukhala mapazi.
A kulabu anapempha kanjere kaja kuti akakapime.
Ndinati kanatayika.
Ndilo bodza langa lokhalo m'faelo yonseyi.

Sindinapite nawo.
Vidiyo inabwera usiku, yogwedera,
ng'oma, zitoliro, fumbi, msana wa munthu wina.
Ndiyeno mayi uja, tsopano wowerama,
akusisita tsaya la mwala,
akulankhula mokalipa ndithu.
Ndinafunsa Tirtha kuti akuti chiyani.

"Akuti waonda."

M'mwambamu patsala chitsulo chopanda kanthu
ndi mabowo anayi a zomangira.
Alendo amaimapo kanthawi, n'kupitirira.
Ine khofi wandizizirira.
M'dirowa mwatsala makhadi 212
onena kuti sikudziwika,
ndipo tochi yanga ikufuna mabatire.