Ngongole ya Mpweya

Bwato langa sindinaseme mumtengo, ayi.
Ndinalikhoma ndi pulayi kuseri kwa shedi ya fodya,
pansi pake pophwatalala ngati lichero;
injini ndinasinthanitsa ndi mbuzi zitatu ndi wailesi.
Likapsa mtima silikhudza madzi kwenikweni,
limangowapsompsona n'kudumpha
ngati phale loponyedwa ndi mwana woweta ng'ombe.

Loweruka lija, padamu la esiteti ku Chamama,
tinali asanu. Mphotho matumba anayi a feteleza
ndi njinga yakapalasa yomangidwa kansalu kofiira.
Yotamu, iwe ndi ine tinali osamwerana madzi
chiyambire nkhani ya pulopela ija
imene unati ndinakubera.
Ndinakuberadi. Lero ndinene.

Mbendera inagwa. Phokoso linabalalitsa akakowa,
madzi anang'ambika ngati chitenje chakale,
amayi a zitumbuwa anasiya mabeseni n'kukwera pachulu.
Pokhotera, pachigubu chachitatu,
ndinali patsogolo pako ndi mkono umodzi wokha.
Mphepo inalowa kunsi kwa mphuno ya bwato.
Ndinaona thambo pamene panayenera kukhala madzi,
mabulugamu ataima chadodolido,
kenako zii.

Pansi pa damu palibe wochemerera.
Pali matope ozizira, ndere,
ndi waya wondikola mwendo ngati msampha wa insa.
Ndinakumbukira zopusa zokhazokha:
khola la nkhunda ndinalisiya losatseka,
batire ya foni ya Elinati ili m'thumba mwanga.

Akuti unazimitsa injini mzere uli apo,
poti ngakhale mwana akanaponya mwala n'kufika.
Akuti mlamu wako anakuwa mpaka mawu kusasa:
Pita! Pita, chitsiru iwe!
Akuti unadumphira ndi nsapato zomwe.
Ine sindinaone. Ndinangomva dzanja pakolala,
dzanja lokhakhala, losowa chala chimodzi
chimene lamba wa chigayo anadya,
ndipo ndinadziwa kuti ndiwe.

Fakisoni, amene anali wachitatu, ndiye anapambana.
Anazungulira damu panjinga akuliza belu
ndipo palibe anamuda, mpikisano ndi mpikisano.
Ine ndinali thapsa paudzu, ndikusanza madzi obiriwira,
iwe pambali ukufinya malaya,
mano akugundana, ukundikalipira:
"Umakhota ngati ngolo ya abulu.
Uzibweza moto usanafike pachigubu."
Amenewo ndiwo mawu ako oyamba kwa ine m'zaka ziwiri.

Kuchipatala ku Kasungu anawerenga nthiti: ziwiri zothyoka.
Ndikaseka zimandibaya, choncho sindiseka kwenikweni.
Mvula yabwera. Chimanga chako chachita chikasu,
chaimirira ngati ana odwala pamzere wa sikelo,
ndipo ndimadutsa pamunda pako nditazolika mutu
podziwa kuti feteleza wako ali m'chifuwa mwanga muno,
ndikumupuma usana ndi usiku.

Elinati akuti bwatolo ndiwazire nkhuni, ana adakali aang'ono,
akuti masewera otani ofunika kukumbiratu manda.
Mwina akunena zoona. Sindinamuyankhe.
Koma usiku wathawu ndinakwecha pulopela ija ndi phulusa
mpaka ndinadziona nkhope, yopindika, yamanyazi,
ndinaikulunga m'thumba la shuga,
ndipo mbandakucha ndaisiya pakhonde pako
galu wako asanaganize zouwa.
Uibwezere pamalo pake. Inali yako kale.

Chilimwe chikubwerachi, mwera ukadzatopa,
tidzaimenso pamzere, phewa ndi phewa,
fungo la petulo likutitsamwitsa tonse.
Usadzayembekeze kuti ndidzakupatukira.
Ndidzakuthamangitsa mpaka injini ifuke utsi,
ndidzabweza moto pachigubu monga unanenera
n'kukudutsa ndi nzeru zako zomwe.
Koma diso limodzi, Yotamu,
lakumanzereli, limene linafiira ndi matope aja,
silidzayang'ana mbendera.
Lidzakhala pa iwe mpaka tikocheze.