Chilembo Chothyoka Mwendo

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pakhonde lino,
moyang'anana ndi ofesi ya za malo ku Thrissur,
kulembera anthu madandaulo awo.
Uyu malire a munda wa kokonati, uyu penshoni yochedwa,
uyu mwamuna wake anapita ku Dubai, makalata analeka.
Iwo amalankhula, ine ndimagogoda mabatani.
Marupi makumi atatu tsamba limodzi.

Lachiwiri lina, mvula itangoyamba kumenya malata,
kompyuta inandilonjera ndi uthenga waulemu:
makina anu akalamba, sitiwasamaliranso.
Ndinaseka kaye.
Ndinaigula ndine, chibangili cha mkazi wanga chinathera pomwepo,
koma kiyi wake anali m'thumba mwa munthu
amene sindinamuonepo nkhope.
Ndinali wa lendi m'nyumba yangayanga.

Nimisha, mwana wa wogulitsa tiyi,
yemwe ndinkamukalipira akamaseweretsa sitepula,
anabwera ndi kafulashi kochepa ngati chala chakumapeto.
Anati, amalume Kuriakose, ichi sagula.
Mutha kuchitsegula m'mimba, kuchisintha, kugawirako mnzanu.
Ndinati chaulere chimabisa mbedza.
Anati ifunefuneni nokha mbedzayo, zonse zili pambalambanda.
Ine za m'mimba mwa makina sinditha kuwerenga,
koma chitseko chosakhoma ndimachidziwa ndikachiona.

Magetsi anathima kawiri tisanamalize.
Kachitatu makina anatsokomola n'kudzuka,
opepuka ngati wodwala amene malungo amusiya.

Sabata yomweyo ndinkalemba pepala langa,
la kamunda kamene anatisiyira mayi.
Kunjamma. Pakati pa dzinali pali zilembo ziwiri za Chimalayalamu
zimene zimakumbatirana n'kukhala chimodzi.
Pa sikirini zinatuluka zitasiyana,
china chothyoka mwendo, chikukwawa pansi pa mzere.
Mayi anga sanapiteko kusukulu,
dzina lokhalo ndilo ankatha kulemba,
lilime lili panja, pensulo ataifinya.

Ndinati bweza zakale zija.
Nimisha anajambula chilembocho pafoni,
analemba mizere isanu, n'kutumiza.
Kwa yani? ndinafunsa.
Kwa aliyense amene angamve, anatero.
Ine amene ndaona madandaulo akuola m'mafayilo
mpaka chiswe kuwapatsa yankho,
ndinangopukusa mutu.

Linayankhidwa Lachisanu.
Munthu wina wa kudziko kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke
anati chilankhulo chanu sindichidziwa, ndionetseni chilembo chabwinobwino.
Ndinachilemba papepala ndi dzanja, mmene mayi ankachipindira.
Mphunzitsi wina wa ku Kozhikode analowerera,
anati mchira wake watalika.
Anakangana masiku anayi,
anthu osadziwana, osalipidwa,
pa nkhani ya mchira wa chilembo cha m'dzina la mayi anga.
Ndinkawerenga usiku, Nimisha akundimasulira,
udzudzu ukundidya akakolo.

Tsiku la khumi ndi chimodzi mwendo unalunzika.
Kunjamma anaima chilili pamzere.
Mchira unatsatira mphunzitsi uja, osati ine,
ndipo mpaka lero ndimati analakwitsa pang'ono.

Ndinafunsa kuti ndilipire kuti.
Nimisha anaseka mpaka tiyi kutayikira mu sosala.
Anati mwalipira kale, chithunzi chija.
Tsopano aliyense wolemba chilembo chimenechi,
ku Kannur, ku Muscat, kaya kuti,
akulemba ndi kadzanja ka mayi anu pang'ono.

Sindinayankhe. Ndinapukuta magalasi nthawi yaitali.

Pulinta ikadatafunabe mapepala,
imeneyo ndi ya kampani, m'mimba mwake ndi mokhoma.
Ndimaimenya pambali, imamva.
Pabenchi pali bambo wagwira ambulera yodontha,
akuti mnansi wasuntha mwala wa malire usiku.
Ndikuti khalani pansi, yambani ndi dzina.
Nenani pang'onopang'ono, ndilembe lonse.