Mphutsi za Cyril Tromans

Bambo anga ankasunga mphutsi mufiriji,
pansi pa batala, pambali pa mkaka.
Amayi anachoka pakhomo kawiri chifukwa cha zimenezo,
kawiri konse anabwerera Lolemba.

Lero ndakhalira bokosi lawo
m'mbali mwa ngalande ya ku Tipton,
kuseri kwa fakitale imene inawadya mapapo.
Disembala. Madzi ali bii ngati tiyi wadzulo,
kangolo ka m'sitolo kagona chagada pansi pa mlatho,
ndipo zala zanga zakana kundimvera.

"Yamba wayeza kuya, Glenys," ankatero.
"Wopusa amaponya pakati.
Pakati ndi msewu wa mabwato.
Nsomba ili tsidya ilo, pakhonde la matope,
pansi pa minga yolendewera,
pomwe iwe ukuopa kuti mbedza ikodwa."

Ndamanga kamtovu, ndatsitsa, ndakweza,
ndasuntha kanthenga pang'ono pang'ono
mpaka nsonga yake yofiira yokha
ndiyo yatsala kusuzumira kunja.
Ulusi wowonda ngati tsitsi la khanda,
mbedza yoti ingasochere m'chikhadabo.

Nyenyeswa za buledi ndanyowetsa,
ndaumba kampira kamodzi, dzira la njiwa, basi.
"Usaziphikire phwando, mwana iwe.
Nsomba yokhuta ilibe bwenzi."
Mphutsi zisanu, dikira.
Zisanu zina, dikiranso.
M'chitini muli nthangala za chamba zowiritsa,
zija ankaphika Lachisanu usiku m'poto wa amayi
nyumba yonse n'kununkha mpaka Lamlungu.

Ola lathunthu, zii.
Galu wa munthu wanunkhiza ukonde wanga, wapita.
Wanjinga waliza belu, ndakoka ndodo, wadutsa osathokoza.

Mphutsi yauma ndi chisanu, yangoti ndwii pachikhatho.
Ndikudziwa chimene iwo ankachita:
ankaiika pansi pa lilime
kuti ifunde, idzuke, ikavine pa mbedza.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikulumbira
kuti ine zimenezo ayi.

Ndayang'ana kumanzere, ndayang'ana kumanja.
Ndaiika.

Ikukoma ngati utuchi.
Kenaka yayamba kutakataka,
ndipo kuseri kwa bango a Gurdev Sandhu,
amene anawedza nawo nyengo zozizira makumi atatu,
aseka mpaka chifuwa chawatsamwitsa.

Bwato lalitali labwera, lobiriwira, utsi tolotolo,
mwini wake wandikwezera kapu ngati tidziwana.
Bambo akanatukwana agogo ake onse.
Koma akatha kutukwana ankanong'ona:
"Konzeka. Bwato lavundula matope,
lawayalira tebulo. Zikubwera."
Kumtunda atsegula zitseko za madzi,
ngalande yayamba kukoka chakumanzere.
Ndawonjezera kamtovu kena, kochepa ngati njere ya mpiru,
ndagwira ulusi kuti nyambo isathamange,
iyende ngati nkhalamba yobwera kusitolo.

Kanthenga kanjenjemera.
Kaima.
Katsika theka, ngati munthu woyesa madzi ndi chala,

kenaka mbee.

Sindinakoke mwamphamvu. Dzanja langokweza lokha,
dzanja lawo, lili m'malaya anga.
Yatuluka ikuphiriphitha, yasiliva, maso ofiira,
yosakwana n'chikhatho chomwe.
Ndanyowetsa manja ndisanaigwire, monga mwa lamulo lawo,
ndachotsa mbedza pamlomo wake wofewa,
ndipo kwa kamphindi tayang'anana,
tonse awiri odabwa kuti tapezeka kuno.

Ndaibweza. Kuno sitidya nsomba za m'ngalande.
Timangozifunsa ngati zikadalipo,
zikayankha, timazisiya.

Mdima wagwa isanakwane folo koloko.
Mababu a pamlatho ayaka, amodzi akuphethira.
A Gurdev apinda mpando, afika ndi fulasiki.
"Zingati?"
"Imodzi."
Athira tiyi m'chivundikiro, andipatsa,
ayang'ana madzi nthawi yaitali.
"Cyril akanati zisanu ndi ziwiri," atero.

Mphutsi zotsala sindinazitaye.
Zili mufiriji, pansi pa batala.