Woyendera Waya

Ndimayamba nkhuku zisanatsike,
pulayala m'thumba, mkombero wa waya paphewa,
kuwerenga nsanamira ngati munthu wowerenga ngongole zake.
Zilipo mazana anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ya pangodya yakumadzulo inapendama chaka cha mvula yambiri
ndipo sinawongokenso.

Waya amagwira zonse zimene mphepo yatopa nazo:
mapulasitiki a ku Kapata, nthenga za nkhanga,
pepala la mwana amene analephera masamu,
tsiku lina chitenje chathunthu
chimene palibe anabwera kudzachifunsa.

Apa ndi pamene panali njira.
Udzu sunaiwale, umamerabe waufupi,
kamzere kopita kuchigayo
kamalowa pansi pa mpanda osaodira.
Ndinayendamo ine ndi mbuzi za atate.
Ndege ikamatsika tinkabalalika, abusa ndi ziweto,
mitima ili m'khosi, tikuseka.
Yotamu anachedwa tsiku lija.
Ng'ombe yake inafera pomwepo, ndege inathyoka mwendo,
anthu asanu anatuluka maondo akuwombana.
Choncho mpanda sindiutsutsa.

Koma Lachiwiri ndinapeza chiboo
pafupi ndi chulu, chodulidwa mwaukhondo,
chokwana mayi wowerama ndi mtolo.
Mkati udzu wofolera unali utamwetedwa,
ndipo pafumbi panali phazi lamanzere
lopanda chala chaching'ono.
Khasu limene linadya chalacho ndinaligwira ndine,
tili ana, tikukumba mbewa.
Tikambenji, mlongo wanga,
amene denga lake linadontha dzinja lonse
pamene udzu wabwino koposa kuno ku Chipata
ukula kuseri kwa waya, kudikira thirakitala ndi moto.

Ndinakhala pachulu.
Ndege ya ku Lusaka inazungulira, inatera,
inatsitsa anthu atatu ndi zikwama zawo.
Palibe anayang'ana kuno.

Ndinasoka chiboocho, mfundo ndi mfundo,
molimba monga anandiphunzitsira,
ndinafufuta phazi lija ndi jombo.
M'buku la abwana ndinalemba kuti: nguluwe.

Madzulo ndinadzera kwawo.
Anandipatsa madzi m'chikho
osayang'ana thumba langa la pulayala.
Tinakamba za mtengo wa feteleza,
za mwana wake amene akutsokomola.
Pamwamba pathu denga latsopano
linkanunkhira dzuwa
ndi mafuta a ndege pang'ono.