Alonda Awiri a Mpweya

Usiku wa Lachinayi, wodi ya amuna, bedi la kuzenera.
Magetsi a ku Kapata akuthwanima kumunsiko,
phiri la Kanjala lamira mumdima.
Atate agona chokhala, mapilo atatu kumsana,
kapaipi m'mphuno,
chifuwa chikukwera ngati njinga yolemedwa pachitunda.

Zaka makumi awiri anapalasa makala
kuchokera ku Chiparamba mpaka ku Mchini,
utsi wa uvuni m'mawa, fodya wopichira madzulo.
Lero mapapo awo ndi thumba lakale lokana kukhuthuka.

Ine mayeso anga ndi Lolemba.
Buku lili pamwendo, patsamba limene a Sisitala Miti
anati tikaloweze:
ndani amauza munthu kuti apume pamene ali m'tulo?

Alonda ndi awiri, likutero bukulo.
Woyamba amakhala pakhosi, pamene mtsempha umachita mphanda,
kanthu ngati njere ya mpunga, uku kamodzi, uku kamodzi,
ndi abale ake ochepa pafupi ndi mtima.
Amalawa magazi akamadutsa.
Ngwopupuluma ameneyu, sadikira kuche.
Okosijeni akachepa wakuwa kale,
mpweya woipa ukachuluka wakuwanso,
ndipo zikabwera zonse pamodzi amakuwa mopitirira.

Wachiwiri ali mkati, patsinde la ubongo.
Magazi sawakhudza, za okosijeni safunsa.
Iye amalawa madzi osambitsa ubongo,
ndipo mpweya woipa ukalowamo, madziwo amawawasa
ngati bwemba.
Amachedwa kumva, koma akayankhula
nthiti zonse zimamvera.

Ndalemba m'mphepete mwa tsamba:
wina ndi galu wa pageti,
wina ndi mwini nyumba wogona kuchipinda.
Ndafufuta. Sizikukwana.
Galu akauwa, chifuwa chithamanga, mpweya woipa utuluka,
madzi aja asukuluka,
ndiye wamkatiyo amati, bwerera pang'ono, wanyanya.
Pena amakokera kumodzi, pena amabwezana,
ndipo ophunzira akulu akutsutsanabe
ngati mawu awo amangophatikizana
kapena wina amakuza mawu a mnzake.
Ndimakumbuka atate ndi amayi pankhani ya fizi yanga.

Koma mwa atate wamkati uja anazolowera.
Zaka za utsi, impso zinamutsukulutsira madzi pang'onopang'ono
mpaka kuwawasa kunasanduka kukoma kwa masiku onse.
Tsopano amangong'ung'udza.
Kanjere ka pakhosi ndiko kasenza katundu wochuluka.

Cha m'ma thu koloko milomo yawo inadera.
Dzanja langa linapita lokha pa kampopi ka silinda,
ndinafuna kutsegula konse, amwe mpaka akhute.
Anamwino a usiku, a Dailesi Shawa, anandigwira pamkono.
Iwe Tionenji, pang'onopang'ono.
Mapapo otere ukawathira wambiri, woipa uja umaunjikana,
amagona tulo tosadzuka nato msanga.
Anakweza kadontho chabe, nayang'ana kamakina ka pachala.
Eyite naini.
Pomwepo, anatero. Usafune handiredi.

Ndinakhala pansi. Buku linagwa, sindinalitole.
Ndinaika zala ziwiri pakhosi pa atate,
pansi pa chibwano pamene ndevu zayera,
ndikudziwa kuti kanthuko sindingakamve.
Ndinamva kugunda kokha.
Komabe ndinakanong'oneza: usagone, iwe.
Mnzako watopa. Usagone.

Ndinawerenga. Makumi awiri ndi anayi pamphindi.
Kenako makumi awiri ndi awiri.
Kunja lole inabuula panjira ya ku Mwami,
wodwala wa pabedi lachitatu anaitana dzina la mkazi wake,
ndipo ine ndinazindikira kuti nthawi yonseyi
ndakhala ndikupuma osadziuza.

Kutayamba kuyera atate anatsegula diso limodzi.
Sanafunse za silinda, sanafunse za mayeso.
Anati, njinga ija mwailowetsa m'nyumba?
Tayala lakumbuyo limaphwa.
Uuze Lekani alipope.