Wotsuka Kasupe ku Joni

Mamawa, masitolo asanatsegule,
ndimavula nsapato n'kulowa m'thamanda
kukakwecha mano a nsomba ya simenti.
Akuti anachita kutengera kasupe wa ku Roma:
chimunthu chandevu chagwira mkondo wa mano atatu,
akavalo awiri a michira ya nsomba,
ndi tiana tamapiko tokodza tsiku lonse
pamaso pa anthu, popanda wotidzudzula.

Ine ndimadziwa za m'mimba mwake.
Kuseri kwa kachitseko kachitsulo kuli pampu.
Madzi ndi omwe aja a Lolemba latha,
amakwera, amagwa, amakweranso,
ngati ife a m'mateksi a ku Bree.

Alendo amafulatira, natsinzina,
n'kuponya makobidi kupempha mwayi.
Madzulo ndimawawola ndi fosholo:
marandi, timasenti tofiirira,
tsiku lina kobidi la kwathu, nkhwazi ili pomwepo.
Limenelo sindinapereke kwa kapitawo.

Bambo anga aakulu, a Chimtengo, anabwera kuno pa Wenela.
Yawo inali yopopa madzi kuwathamangitsa mu mgodi,
mpaka chifuwa chinawabweza kumudzi.
Ankati mzindawu anaumanga pamsana pa mwala,
ulibe mtsinje woti n'kuutchula dzina pamaliro.
Madzi ake ndi obwera ngati ife tomwe,
amatsika m'mapiri a ku Lesotho,
amayenda usiku m'mapaipi,
ndipo palibe amawafunsa pasipoti.

Ku Yeoville lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi
mpopi ukungotsokomola mphepo.
Nachisale wanditumizira uthenga pafoni:
bauza inabwera, yauma tili pakati pa mzere,
Tadala wapita kusukulu atangopukuta m'maso.

N'chifukwa chake lero m'chikwama muli zigubu ziwiri.
Mlonda Vusumuzi wapeza mwadzidzidzi
chinthu chofunika kuyang'anitsitsa kumwamba.
Ndatchera chigubu kukamwa kwa nsomba,
chikulira gubu gubu, kenako chatonthola.
Madziwa amanunkha mankhwala, sitimwa ayi,
ndi ochapira yunifomu ndi kuthira kuchimbudzi.

Chimunthu chandevu chandiyang'ana tong'o,
ndere ikuyambanso kumera m'khwapa mwake.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchisambitsa,
m'makutu, pamchombo, pakati pa zala.
Ngati pali mlandu, chinene chokha.
Ine teksi yomaliza imanyamuka eyiti koloko,
ndipo zigubu zodzaza amalipiritsa ngati munthu.