Zikhadabo Khumi

Ndimakhoma zidebe pamsika wa Nkhotakota,
mbaula, ndowa, nyale za koloboyi.
Lachiwiri lina kunabwera mzamba wa kuchipatala,
mlendo uja timamutcha Sitti,
wa ku zilumba za Sulu,
komwe, akuti, ena amabadwira m'bwato
n'kukalambira momwemo.

Anayala pepala pa chitsulo changa.
"Ndipangireni zikhadabo khumi,
zotalika ngati usipa, zopindikira kumwamba."
Ndinaseka. Ufiti wamasana uno?
Iye anati ayi, n'zovinira;
zake zamkuwa zinatsala m'bokosi la mayi ake.

Mkuwa ndinalibe.
Ndinang'amba chitini cha mafuta ophikira,
zala zake ndinayeza ndi ulusi wa thumba.
Chala chaching'ono chinandibweza katatu.

Loweruka, paukwati wa mwana wa Mwalimu Jafali,
amayi atamaliza chioda, fumbi lisanakhazikike,
Sitti anavula nsapato.
Foni yake inalira timabelu tamkuwa,
kenaka inazima. Moto watha.
Twaibu, mphwanga wosamva uja,
anavundikira miphika isanu ndi itatu pamphasa,
mphatso za mkwatibwi,
n'kuyamba kuigogoda ndi timitengo ta chinangwa.

Ife gule timamusunga m'chiuno.
Iye anamusunga m'manja.
Mapazi amakwekwereza pansi osadzutsa fumbi,
mawondo atapinda ngati woima m'bwato lodzaza,
dzanja likupita, likubwerera,
likupitanso osafika.
Twaibu amathamanga ndi miphika,
iye osafulumira n'komwe.
Nthungululu zinakakamira pakhosi;
palibe anadziwa poziponyera.

Che Mbwana, amene maso anawathera pa nyali za usodzi,
anafunsa mdzukulu, "Akutani?"
Mwana anawagwira mkono n'kuwaonetsa.
Iwo anati, "Aa, funde limenelo ndimalidziwa.
Ndi lija limabwera mochedwa
sitima itapita kale."

Chikhadabo chimodzi chinaguluka,
cha chala chaching'ono chomwe chija,
n'kugwera mu mpunga wa alendo.
Manyazi anandigwira, mmisiri ine.
Sitti sanayang'ane pansi.
Anamaliza ndi zisanu ndi zinayi,
maso ali kutali, kupyola ife tonse.

Chaka chatha anabwerera kwawo.
Chikhadabo chija chili m'chitini cha misomali.
Msika ukazizira ndimachivala,
ndimayesa kutembenuza dzanja monga iye,
koma dzanja lozolowera hamala
limangofuna kukhoma.